Mbiri ya Chipolopolo cha .303

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu kwa Mponda, agogo anandionetsa kachigoba kachitsulo momwe amasungiramo fodya wa mphuno. Akuti bambo awo, omwe anali msilikali wa King's African Rifles, anabwera nako kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kunsi kwake kunalembedwa VII. Ndi chigoba cha chipolopolo cha .303.

Chomwe chinandidabwitsa ndi kuwonda kwake, poti chipolopolocho m'mimba mwake ndi mamilimita 7.7 okha. Nanga chinaposa bwanji zipolopolo zonenepa za makedzana?

Yankho ndi liwiro. M'chaka cha 1891, pamene Angerezi ankamanga Fort Johnston kutsidya kwa Shire kuyang'anana ndi mudzi wa Mponda, ankhondo a mafumu a kuno ankadalira gogodela. Mfuti imeneyi umathira wonga kukamwa kwake, n'kusinja, ndipo ukaomba utsi umaulula pomwe wabisala. Koma ku Ulaya zinthu zinali zitasintha kale.

Mtovu ndi wofewa, kotero ukathamangitsidwa kwambiri umakhuzuka n'kumatirira mu mpope wa mfuti. Tsono mu 1882 Eduard Rubin wa ku Switzerland anauveka chikuto cha chitsulo cholimbirapo. Mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga wonga wopanda utsi, umene unalowa mu mfuti ya Lebel mu 1886.

Angerezi anayamba .303 mu 1888 ndi mfuti ya Lee-Metford, koma akadali ndi wonga wakuda. Cha mu 1891 anasinthira ku cordite, wonga wooneka ngati tizingwe. Apa panabuka vuto lina: cordite amatentha koopsa, ndipo ankadya msanga mizere ya mkati mwa mpope, ija imazunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka. Anajambula mizere ina yakuyirapo, ndipo mu 1895 panabadwa Lee-Enfield. Ine ndimaona ngati luso lenileni linali pamenepa, chifukwa kukonza chimodzi kunkaononga chinzake.

Nanga VII uja? Ndiwo mtundu wachisanu ndi chiwiri, wa mu 1910, wosongoka kutsogolo komanso wopepukirapo. Unkathamanga mamita oposa 740 pa sekondi, pamene chipolopolo cha Martini-Henry, mfuti yomwe Angerezi ankagwiritsa ntchito kale, chinkangopitirira pang'ono mamita 400.

Nditawafotokozera agogo zonsezi, anangogwedeza mutu, n'kunena kuti bambo awo sankafuna n'komwe kukamba za komwe chipolopolo cha m'chigobacho chinakagwera.