MTANGA WA ZAKALE UTSEGULA PAKAMWA PA AGOGO OIWALA

M'midzi ya Mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala m'boma la Chadiza, monga kwinanso, nkhalamba ikaiwala maina a ana ace ena amafulumira kuicha mfiti. Kawirikawiri amakhala matenda a ubongo ochedwa dementia, amene amayamba kufafaniza zadzulo, zakale nkutsalira.

Ncifukwa cace osamala odwala otere ku Britain amawasungira zinthu zakale m'bokosi, kuti poziona ayambe kuceza. Kuno mtanga ungakwanire: khobidi loboola la m'nthawi ya Citaganya, kwacha isanabwere mu 1968, citupa ca ulendo wa ku Halale, mikanda ya pacinamwali.

Agogo azigwire okha. Mdzukulu asawapanikize ndi mafunso ngati mayeso a kusukulu, pakuti manyazi amatseka pakamwa. Angokhala pamphasa nkumvetsera. Mtangawo suciritsa ai, ndipo wodwala aperekezedwebe kucipatala.