Kodi Waya Wanu Angasenze Katundu Wotani?

Inu amene mumagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, kaya ku Satemwa, ku Makandi kapena ku Naming'omba, mumamva makina akulira m'fakitale. Makinawo amayendera magetsi. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo a ESCOM ndiwo amatifikitsira. Mwina afikanso m'nyumba mwanu. Magetsi ndi abwino, koma mukawasenzetsa katundu wambiri amawotcha nyumba. Tiyeni tiphunzire kuwerengera kwake.

Mawu Anayi

Ganizani za paipi yothirira nazale ya tiyi. Mphamvu imene imakankha madzi ili ngati mavolti. Kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipimo kuli ngati maampu. Kuthina kwa paipi, kumene kumabweza madzi, kuli ngati maomu. Ntchito imene magetsi akugwira timaiyesa ndi mawati.

Kuno ku Malawi magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230. Yang'anani pansi pa ketulo kapena nsimbi yanu. Mupeza nambala ndi chilembo W. Amenewo ndiwo mawati. V ndi mavolti, A ndi maampu.

Masamu Ake

Mavolti kuchulukitsa ndi maampu, mupeza mawati.
Mawati kugawa ndi mavolti, mupeza maampu.
Mavolti kugawa ndi maampu, mupeza maomu.

Lamulo lachitatuli adalilemba ndi Georg Ohm wa ku Germany m'chaka cha 1827.

Tiyese tsopano. Ketulo yalembedwa mawati 2,300. Gawani 2,300 ndi 230. Yankho ndi maampu 10. Gawaninso 230 ndi 10. Ketuloyo ili ndi maomu 23.

Nsimbi yalembedwa mawati 1,150. Mukagawa ndi 230 mupeza maampu 5. Maomu ake ndi 46. Mwaona? Maomu akachuluka, maampu amachepa.

Pamene Pagona Ngozi

M'pulagi ya mano atatu muli kafyuzi. Fyuzi yaikulu ya m'pulagi imalola maampu 13 basi. Chulukitsani 13 ndi 230, mupeza mawati 2,990. Amenewa ndiwo malire.

Tsono tinene kuti m'mawa mukufulumira kupita kuntchito. Mwalumikiza ketulo ndi nsimbi pa ekisitenshoni imodzi. Maampu 10 kuphatikiza 5 ndi 15. Mwapyola malire! Fyuzi ikapsa apa, yakupulumutsani. Musamangepo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya ayi. Mukatero waya adzatentha mpaka kuyaka, ana ali m'nyumba. Gulani fyuzi ina ya nambala yomweyo, ndipo zinthu ziwirizo muziyatsa chimodzichimodzi.

Thupi lanu nalonso lili ndi maomu. Khungu likanyowa maomuwo amachepa, ndiye magetsi ambiri amadutsa m'thupi. Mukachokera kothyola tiyi pamvula, yambani mwapukuta m'manja musanagwire swichi.

Masamuwa amasunganso ndalama. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Ketulo ija ikayaka ola lathunthu idya mayunitsi 2.3. Babu la mawati 10 limatenga maola 100 kuti limalize yunitsi imodzi.

Yesani Nokha

1. Hotipuleti ikukoka maampu 4 pa mavolti 230. Ili ndi mawati angati?
2. Kodi mungailumikize pamodzi ndi ketulo ija pa ekisitenshoni imodzi? Chifukwa chiyani?
3. Lembani mawati a zinthu zitatu za m'nyumba mwanu, mukawerengere pamodzi ndi anzanu a m'kalasi.