NSAMBO ZATSOPANO ZIFUNA KULEZA MTIMA

Makolo ambiri amene anagulira mwana wao ukulele, kagitala kakang'ono ka nsambo zinai, amakhumudwa pa tsiku losintha nsambo. Amamanga zatsopano madzulo, nazikunga bwino, koma pofika m'mawa mau onse atsika. Ena amaganiza kuti wogulitsa anawanyenga. Ena amakunga mwaukali kufikira nsambo itaduka, ndipo kacipangizo kaja kamaponyedwa pamwamba pa kabati, mwana naleka kuphunzira. Awerengi okondedwa, palibe cimene caonongeka. Kutsika kwa mau ndi khalidwe la nsambo iliyonse yatsopano, ndipo mankhwala ake ndi kuibwezera pa mau ake tsiku ndi tsiku.

Ukulele unabadwira ku zisumbu za Hawaii. M'caka ca 1879 combo cochedwa Ravenscrag cinafika ku Honolulu ndi anthu ocokera ku cisumbu ca Madeira, a mtundu wa Apwitikizi, odzagwira nchito m'minda ya nzimbe. Pakati pao panali amisiri a matabwa atatu, Manuel Nunes, José do Espírito Santo ndi Augusto Dias, amene anayamba kupanga timagitala tofanana ndi ta kwao. Mfumu Kalākaua inakonda kulira kwake, ndipo posacedwa anthu a ku Hawaii anakayesa kao. Nsambo zoyamba zinali za matumbo a nyama. Za masiku ano ndi za nailoni, kapena za pulasitiki ina yolimba yofanana ndi ulusi wowedzera nsomba.

Apa ndipo pagona nkhani. Nailoni ikakokedwa imatamuka pang'onopang'ono kwa masiku angapo isanakhazikike. Nayo mfundo ya kumunsi imamka ikulimba, ndipo nsambo yokulungidwa pa cikhomo ca kumutu imadzipanikiza. Zitatu zonsezi zimacepetsa kukungika, motero mau amatsika. Nthawi zambiri papita mlungu umodzi kapena iwiri kuti nsambo zikhale m'malo mwake.

Posintha, cotsani nsambo imodzi ndi kumanga yatsopano musanakhudze inzake. Mukatero simudzasokoneza malo ake, ndipo zotsalazo zidzakuthandizani kupeza mau. Dziwani kuti nsambo zinaizi n'zosiyana kunenepa kwake, ndipo yonenepa koposa si ya pamwamba monga pa gitala, koma yaciwiri kucokera pamwamba. Musayese konse kumanga nsambo za waya. Thupi la ukulele n'lopepuka, ndipo waya ungazule kathabwa ka kumunsi kapena kupinda khosi.

Kathabwa ka kumunsi kali mitundu iwiri. Kena kali ndi timing'alu: mangani mfundo kunsonga kwa nsambo ndi kuikoletsa m'kamng'alu, ndipo ngati nsamboyo ndi yopyapyala bwerezani mfundoyo kuti ingapulumuke. Kena kali ndi timabowo: pisani nsambo, ibwezeni, ndi kuipota pa iyo yokha kawiri kapena katatu. Kumutu, pisani nsonga pa bowo la cikhomo, siyani mpata pang'ono, ndipo potembenuza onetsetsani kuti nsambo ikukulungika katatu kapena kanai motsika pansi, yosakwerana. Nsambo yokulungidwa mounjikana imapitiriza kuterereka ngakhale patapita mwezi. Nsonga zotsala musafulumire kuzidula. Dikirani kufikira mfundo zitagwira.

Mau a nsambo, kuyambira pamwamba, ndi G, C, E, A. Amene tinaphunzira nyimbo ku sukulu za mishoni tiwadziwa kuti so, do, mi, la. Ngati mulibe kamakina kocunira kapena foni yokhala naco, tengani do kwa woliza limba wa pa parishi. Tsono dinani nsambo ya do pa mpata wacinai wa pakhosi, mudzamva mi. Dinani ya mi pa mpata wacitatu, mudzamva so, ndipo pa mpata wacisanu mudzamva la. Nthawi zonse fikani pa mau mocokera pansi. Mukapitirira, masulani pang'ono ndi kukweranso, pakuti nsambo yosiyidwa pomasula sikhalitsa pa mau ake.

Mungathe kufupikitsa masiku odikira. Mutakunga, kwezani nsambo iliyonse ndi cala mofatsa pakati pake, kenaka kunganinso. Citani zimenezi kangapo, koma osakoka ngati mukukoka mbuzi, cifukwa nsambo yotamulidwa mwankhanza imapyapyala malo ena ndipo siliranso moona. Coposa zonse ndi kuimba. Mwana alize ukulele wake tsiku lililonse, akuukonza asanayambe ndiponso pakati pa nyimbo. Usiku usungidwe pamthunzi m'nyumba, kutali ndi mbaula, ndipo masana usasiyidwe padzuwa, pakuti kutentha kumasintha mau. Ngati cikhomo cibwerera cokha mukacisiya, limbitsani pang'ono kasikuluwu ka kumbuyo kwake.

A kwaya asunge lamulo ili: nsambo sizisinthidwa usiku wa Loweruka pamene mawa kuli Misa. Ngati mukonzekera Pasaka, Khrisimasi kapena tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, pa 22 November, mangani nsambo milungu iwiri isanafike. Cipangizo cimene citsika pakati pa nyimbo cimatsitsa mpingo wonse, ndipo mapemphero amasanduka cisokonezo.

Akatekisti amaona zofanana ndi zimenezi mwa anthu. Mkhristu wobatizidwa pa Pasaka amabwerera m'mbuyo pofika Pentekoste, ndipo banja lodalitsidwa dzulo limayamba kusemphana mau mwezi usanathe. Akulu ena amafulumira kunena kuti munthuyo anali wacabe kuyambira kale, ena amamkunga ndi mau okalipa kufikira ataduka. Koma cinthu catsopano cimatenga nthawi kuti cizolowere katundu wake. Ankhoswe, makolo a ubatizo ndi atsogoleri a mphakati aitanidwa kucita monga woimba wanzeru: kubwerako kawirikawiri, kumvetsera bwino, ndi kukonza pang'ono lero, pang'ono mawa. Mwana amene waphunzira kuleza mtima ndi nsambo zinai waphunzira kale cinthu cimene cidzamthandiza pa banja lake.