Mapanga awiri a galimoto ya liwiro: bwalo la mpikisano ndi msewu wa kwathu

ULÓNGUÈ — Nyengo ya Khirisimasi, pamene ana athu ogwira ntchito ku Joni amabwera kudzaona makolo, pa msewu wadothi wa cha ku Domué padaima galimoto yofiira ya mipando iwiri. Idali yokongola ndithu, yaifupi ngati fulu, mimba yake ili pafupi kupsompsona nthaka. Mafuta adalimo, injini idali yabwino, koma idakhala pa mwala umene ngolo zimaudumpha tsiku ndi tsiku osaudziwa n'komwe, ndipo oyilo adali kuchucha pansi ngati magazi a mbuzi. Anyamata asanu ndi mmodzi adayesa kuikankha koma zidakanika. Mapeto ake idalowa m'mudzi madzulo itakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ana akuiperekeza ndi nthungululu.

Mwini wake ndi mnyamata wogwira ntchito pa galaja ina ku Johannesburg. Iye adatifotokozera kuti galimotoyo adaitsitsa dala, chifukwa masiku ena Loweruka amapita nayo ku Zwartkops, bwalo la mpikisano wa magalimoto limene lili pafupi ndi Pretoria, kumene munthu wamba amalipira n'kuthamangitsa galimoto yake mopanda kuopa apolisi. Kumeneko, akuti, imakhota ngati njoka. Ife sitikutsutsa. Koma akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Kodi galimoto imodzi ingathe kukondweretsa mwini wake pa bwalo Loweruka, n'kumufikitsanso kwa amayi ake ali wamoyo? Yankho lake lili m'miyendo ya galimoto, ndipo likukhudza aliyense wa ife amene amakwera chapa.

Mawondo ndi minofu

Amakaniko a kuno amati suspensão, ife tingoti miyendo ya galimoto. Taonani mayi amene wasenza ndowa yodzaza madzi akudutsa m'munda wa mizere. Mapazi ake akukwera ndi kutsika, koma ndowa ikuyenda mwa myaa, madzi osatayika. Chinsinsi ndi mawondo amene akupindika, ndi minofu imene ikuletsa mawondowo kupindika mopitirira. Mum'mange timitengo m'mawondo kuti asapindike, madzi onse athera pamsana.

Galimoto nayo ili ndi mawondo, ndiwo mola, zimene abale athu a kutsidya kwa malire amati masipuling'i. Mola ndiyo imasenza thupi la galimoto, ndipo imafupika tayala likagunda mwala. Koma mola payokha ilibe mwambo: ikafupika imadumpha, n'kufupikanso, n'kudumphanso. Choikhazika mtima pansi ndi amortecedor, imene ambiri amangoti shoko. M'kati mwa shoko muli oyilo amene amakankhidwa kudutsa m'timabowo tating'ono, ndipo kuvutika kwa oyiloyo ndiko kumaletsa mola kuvina.

Ambiri amayesa kuti zonsezi adaziikira kuti okwera asapweteke m'chiuno. Imeneyo ndi ntchito yachiwiri. Yoyamba ndi kukanikiza tayala pansi nthawi zonse. Malo amene tayala limodzi limagwira msewu ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Zikhatho zinayi zimenezi ndizo zimakhotetsa galimoto ndi kuiimitsa. Tayala likanyamuka m'mwamba, ngakhale kwa kamphindi, chiwongolero ndi mabuleki zimakhala zopanda ntchito pa mwendo umenewo.

Chimene bwalo limafuna

Pa bwalo la mpikisano phula lake ndi losalala ngati pakhonde pozira. Mdani wa galimoto kumeneko ndi khona. Pokhota ndi liwiro, kulemera konse kumathawira mbali imodzi ndipo galimoto imapendekeka, monga imachitira njinga imene yasanjikiza matumba a makala mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. N'chifukwa chake ochita mpikisano amaitsitsa galimoto kuti kulemera kukhale pafupi ndi nthaka, n'kuikanso mola zolimba kuti isapendekeke.

Titenge chitsanzo cha Mazda MX-5, kagalimoto ka mipando iwiri kopangidwa ku Hiroshima m'dziko la Japan, kamene kadatuluka koyamba mu 1989. Koyambako sikadafike ngakhale makilogalamu 1,000 kulemera kwake, ndipo pofika mu 2016 magalimoto a mtunduwu adali atakwana miliyoni imodzi. Ku America amakatcha Miata, ndipo kuli mpikisano wa magalimoto okhaokhawa wotchedwa Spec Miata.

Mola ya kutsogolo imene MX-5 yoyambayo idatuluka nayo ku fakitale imafuna makilogalamu pafupifupi 30 kuti ifupike ndi sentimita imodzi. Ya mpikisano wa Spec Miata imafuna makilogalamu 125, ndiwo matumba awiri ndi theka a chimanga, kuti ifupike ndi sentimita yomweyo. Ndi yolimba kuposa kanayi. Pa bwalo imeneyi ndi mphatso. Pa msewu wa maenje tayala limangodumphadumpha ngati chiwala, ndipo dalaivala amagwira chiwongolero chosamva kanthu. Tsono amene amafuna galimoto ya kuwiri konse amaima pakati: ambiri amasankha mola za kutsogolo za makilogalamu 60 mpaka 80, ndi zofewerapo kumbuyo. Amadziwa kuti pa bwalo adzapitiriridwa ndi galimoto ya mpikisano yeniyeni, ndipo pa msewu sadzakhala mofewa ngati mu galimoto ya bwana administrador. Amavomera kutaya pang'ono uku ndi uku, kuti asataye zonse kumodzi.

Phunziro la ku Germany

Ngakhale pakati pa mabwalo enieni, si onse amene amakonda mola zolimba. M'mapiri a Eifel ku Germany muli bwalo lotchuka la Nürburgring, limene lidatsegulidwa mu 1927. Njira yake yakale ndi yotalika makilomita 20.8, ndipo kuchokera pamalo otsika kwambiri kufika pamwamba pali mamita pafupifupi 300. Ili ndi zitunda, zigwa ndi mabampu, mwakuti katswiri wa ku Scotland Jackie Stewart adaitcha Gehena wobiriwira. Masiku ena njirayi amaitsegulira munthu aliyense amene ali ndi galimoto yololedwa kuyenda pa msewu, bola alipire pa geti.

Makampani ambiri opanga magalimoto a liwiro amakayesa miyendo ya magalimoto awo kumeneko asadayambe kugulitsa. Chimene amapeza n'chakuti galimoto youma kwambiri imachedwa, pakuti pa bampu iliyonse matayala amasiya phula ndipo dalaivala amayenera kuchepetsa moto. Yothamanga bwino ndi imene miyendo yake ili ndi mpata wopindika, shoko zabwino zikuigwira. Ngati zili choncho pa phula la ku Germany, nanga kuli bwanji pa msewu wa ku Tsangano mvula itagwa?

Ntchito iyambire pati

Amisiri odziwa ntchitoyi sayamba ndi kutsitsa galimoto. Amayamba ndi kuchotsa zonse zakutha: timphira ta m'mfundo za miyendo, mabering'i, mfundo za chiwongolero ndi mabuleki. Mola yatsopano pa mfundo zogwedera ili ngati denga la malata pa nsichi zodyedwa ndi chiswe.

Kachiwiri amagula matayala abwino, anayi ofanana, pakuti palibe chitsulo chimene chingakonze tayala lakutha.

Kachitatu ndi shoko, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri ziyenera kupita. Shoko iyenera kugwirizana ndi mola yake monga ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi. Mola yolimba pa shoko yofooka imaigonjetsa shokoyo, galimoto n'kumadumpha kuposa kale. Makampani ngati Koni, Bilstein ndi Öhlins amapanga shoko zokhala ndi kachitsulo kopotokola: munthu akafika pa bwalo amapotokola kuti zilimbe, akamabwerera kwawo amabweza kuti zifewe. Kameneka ndiko kamathandiza kwambiri galimoto ya ntchito ziwiri. Koma dziwani kuti kupotokola kumeneku sikusintha mola, ndipo sikukweza mimba ya galimoto.

Kachinayi ndiye kutsitsa, ndipo kwa galimoto yoyendanso pa msewu masentimita 2 kapena 3 ndi okwanira. Kupitirira apo, mwendo umatha mpata wake, n'kumagunda pa kamphira kotsiriza kamene kadaikidwa kuti kateteze chitsulo. Zikatero galimoto yasanduka ngolo.

Kachisanu pali ndodo yachitsulo yolumikiza mwendo wa kumanja ndi wa kumanzere, imene amakaniko amati barra estabilizadora. Ndodo yonenepapo imachepetsa kupendekeka pa khona popanda kuumitsa galimoto pamene matayala onse awiri akukwera bampu limodzi. Koma ikanenepa mopitirira, dzenje limene lagunda tayala limodzi limagwedeza galimoto yonse.

Kotsiriza ndi kuwongola matayala pa makina. A pa bwalo amapendeketsa mitu ya matayala kuloza m'kati ndi madigiri 2 ndi theka kapena 3, kuti pokhota tayala la kunja ligone lonse pa phula. Pa ulendo wautali wowongoka, monga wochoka ku Joni kudzera ku Harare ndi ku Tete, kupendeketsa kotere kumadya tayala mbali ya m'kati mpaka mawaya kuonekera, kunja kukuoneka kwatsopano. Wa kuwiri konse amakhutira ndi digiri imodzi ndi theka kapena 2. Ndipo lamulo la amisiri onse ndi ili: sinthani chinthu chimodzi, muyende nayo, mumve, kenaka musinthe china.

Njira yachidule ya kumanda

Mnyamata wathu uja sadatsate zonsezi. Adavomera yekha kuti, poona mtengo wa mola ndi shoko zoyenera, adangotenga makina odulira zitsulo n'kudula mola zakale. Ena amachita kuziwotcha ndi moto wa gasi kuti zifwamphuke. Zonse ziwiri n'zoopsa. Mola yowotchedwa imataya mphamvu imene idapatsidwa ku fakitale, ndipo imatha kuthyoka tsiku lililonse. Yodulidwa imalimbirako pang'ono, koma kulimbako sikukwanira kulipira mpata umene watayika, ndipo tayala likagwera m'dzenje mola yofupikayo imatha kuchoka pampando pake. Shoko yakale nayo, pogwira ntchito itapanikizika, siichedwa kuphulika. Iye adali ndi mwayi kuti mwala udamugwira akuyenda pang'onopang'ono. Ukadamupeza pa liwiro, bwenzi tikulemba nkhani ya maliro.

Yothamanga m'fumbi ndi yaitali

Amene akufuna kudziwa maonekedwe a galimoto ya liwiro yoyenera misewu yonga yathu ayang'ane mpikisano wa Dakar, umene umadutsa m'zipululu ndi m'miyala. Mu 2019, komanso mu 2022 ndi 2023, adapambana ndi Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar, akuyendetsa Toyota Hilux yokonzedwa ku South Africa. Dzina ndi lomwelo la Hilux imene imanyamula mbatata ndi kabichi kuno, koma ya mpikisanoyo, kuyambira mu 2022, tayala lake lililonse limatha kukwera ndi kutsika masentimita 35. Palibe amene adaganiza zoitsitsa kuti ithamange. Adaipatsa miyendo yaitali ndi shoko zamphamvu, chifukwa msewu ndiwo umalamula miyendo, osati maso a anthu oonerera.

Za ife okwera pamwamba pa matumba

Mwina wina anena kuti izi ndi nkhani za anthu a ndalama. Koma cholakwa cha mnyamata uja chimachitika pa msika uliwonse wa m'malire muno, kungoti chimabwera chitatembenuka. Mwini chapa kapena kamiyau wamng'ono amapita ku ofisina kukawonjezera zitsulo ziwiri kapena zitatu pa mola za kumbuyo, kuti anyamule matumba ambiri galimoto osagwada. Shoko amasiya zomwezo zakale, mwina zouma kale oyilo. Mola zowonjezerazo zimabisa katundu, koma sizikulitsa mabuleki, sizilimbitsa matayala kapena ekiselo. Ndipo pobwerera yopanda katundu, pa msewu wa mizeremizere ngati malata, kumbuyo kwake kumadumpha n'kuyamba kuthawira m'mbali.

Shoko yakufa siivuta kuizindikira. Imakhala yonyowa ndi oyilo, fumbi litamatirira. Pa galimoto yaing'ono, mukakanikiza ngodya imodzi ndi mphamvu n'kusiya, iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika. Ikapitiriza kugwedezeka ngati bwato, shoko yatha. Tayala lodyeka mwa zigambazigamba limanenanso zomwezo. Posintha, asinthe ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, tsiku limodzi. Inu amayi ndi abambo amene mumalipira ndalama zanu kuti mukwere, kusuzumira pansi pa galimoto musadakwere si mwano.

Galimoto yofiira ija idakhala pansi pa mtengo wa mango masabata atatu, nkhuku zikubisala mvula kunsi kwake, kudikira chikho cha oyilo ndi mola zina kuchokera ku Tete. Mwini wake adaphonya tsiku loyambira ntchito, ndipo ndalama zimene adabweretsera amayi ake za feteleza zidathera kwa makaniko. Pochoka, galimoto idali itakwera ndi zala zitatu. Idadutsa pa mwala uja bwinobwino, ndipo ana amene adaiperekeza ndi nthungululu pobwera adangoima m'mbali mwa msewu kuibayibitsa.