Ofesi ya magetsi ndi madzi yosawononga magetsi ndi madzi

Ofesi ya bungwe logulitsa magetsi kapena madzi, monga ESCOM kapena Central Region Water Board, ndi nyumba imene munthu wa ku Ludzi kapena ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, amapitako kukalipira bilu, kukadandaula za mita, kapena kukapempha kuti amulumikizire paipi. Kamangidwe kosamala chilengedwe kamafuna kuti nyumba yotere idye magetsi ochepa, isataye madzi, ndiponso isawononge nkhalango pomangidwa. Ambiri akamva zimenezi amangoganiza za sola. Sola imabwera pamapeto. Nkhani yaikulu imagamulidwa tsiku limene mmisiri akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe cha maziko.

Choyamba ndi kumene nyumba yaloza. Mchinji ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, choncho kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limapendekera kumpoto, ndipo m'miyezi yotsalayo limapendekera pang'ono kummwera. Dzuwa limeneli limakhala pamwamba, khonde limalitchinga mosavuta. Lovuta ndi la m'mawa ndi la kumadzulo, limene limalowa cham'mbali mpaka kukafika pa desiki ya kalaliki. N'chifukwa chake makoma aatali okhala ndi mazenera ambiri ayenera kuyang'ana kumpoto ndi kummwera, pamene kum'mawa ndi kumadzulo kukhale makoma aafupi, mazenera ochepa, ndi mitengo yamthunzi. Zimenezi sizionjezera ngakhale tambala pa mtengo wa nyumba, koma zikalakwika, bungwe limalipira makina oziziritsa mpweya zaka zonse.

Kenaka denga. Malata akapsa ndi dzuwa la Okutobala amatsitsira kutentha pa mitu ya anthu. Mankhwala ake ndi malata a mtundu wowala, siling'i yokwera, ndi mipata pamwamba yoti mpweya wotentha uzitulukira, pamene wozizira ukulowera m'mazenera oyang'anizana. Mlimi wa fodya amene anamangapo chigafa amaidziwa kale nzeru imeneyi. Ku Harare, wojambula mapulani Mick Pearce anaitengera ku chulu cha chiswe pojambula nyumba ya Eastgate, imene inatsegulidwa mu 1996 ndipo imazizira makamaka ndi mpweya wausiku. Khonde lotambalala, longa la nyumba zakale za m'mamishoni, lili ndi ntchito inanso: mayi amene wapalasa njinga kuchokera ku Ludzi adzapeze benchi pamthunzi podikira mzere, osati kuima padzuwa mwana ali kumbuyo.

Pa makoma ndi pamene nkhalango zimapulumukira kapena kuthera. Uvuni uliwonse wa njerwa umameza mitengo ikuluikulu, ndipo mu 2018 boma, kudzera ku National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda. M'malo mwake muli mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa pa makina, zimene amisiri amazitcha SSB. Dothi lake amaliyesa m'botolo. Amathiramo dothi ndi madzi, amakhutchumula, n'kulisiya: mchenga umayamba kukhala pansi, dongo limatsalira pamwamba. Dongo likachuluka, monga m'makande a kudambo, njerwa imang'aluka. Katondo wosakanikirana ndi mchenga ndiye wabwino. Njerwazi zimafuna kuphimbidwa ndi kuthiriridwa kwa masabata angapo, ndipo kontilakita wothamangira malipiro akadumpha pamenepa, khoma limafumbutuka, anthu n'kumanyoza njerwa pamene wolakwa ndi mmisiri.

Masamu a madzi ndi apafupi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 200, chaka chimene kwagwa mamilimita 900, limalandira malita 180,000. Akatcherezedwa m'thanki, madziwa amagwira ntchito m'zimbudzi, pokolopa ndi pothirira mitengo. N'zochititsa manyazi kuti bungwe lolangiza anthu kusamala madzi lizigejemulira m'chimbudzi madzi othira mankhwala, pamene a mvula akukokolola bwalo lake.

Tsopano sola. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunafika ponseponse. Ofesi imene ili ndi mapanelo oloza kumpoto, opendekeka pafupifupi madigiri 15, pamodzi ndi mabatire, imatumikirabe anthu popanda kuliza jenereta ya dizilo. Nyumba yowala ndi dzuwa ndiponso yozizira yokha imafuna mapanelo ochepa, okwanira makompyuta ndi mababu basi. M'chilimwe fumbi limawakuta, choncho pafunika munthu wowapukuta.

Bungwe lililonse lofuna kumanga ofesi ku Mchinji lifunse wojambula mapulani kumene dzuwa la madzulo lidzalowere, lisanamufunse mtengo wa makina oziziritsa mpweya.