Kodi mumadziwa? Dedza kapena Zomba, tchuthi cha m'chilimwe mukachithera kuti?

Dzuwa la Okutobala likafika poswa mtengo, anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amayamba kukumbukira mapiri. Matauni awiri amene atsamunda anamangamo maboma awo m'tsinde mwa phiri, Dedza ndi Zomba, ndiwo amalimbirana alendo otere. Thumba likangolola ulendo umodzi wokha, tamvani izi musanakwere minibasi.

Kodi mumadziwa kuti Dedza ndiyo tauni yokwera kwambiri m'Malawi muno? Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe tauni ya Zomba siifika ndi 1,000 omwe. Ku Zomba kamphepo kozizira mumachita kukakwerera pamwamba pa phiri. Ku Dedza kamakuchingamirani mukungotsika pa depoti.

Nanga zakuti Phiri la Dedza, la mamita 2,198, limaposa nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yaitali kwambiri pa Phiri la Zomba? Kusiyana kwake ndi mamita oposa 100. A ku Zomba sakonda kuimva imeneyi.

Koma pa za atsamunda, Dedza ingokhala chete. Kodi mumadziwa kuti Zomba inakhala likulu la dziko lino kuchokera mu 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe? Aphungu sanasamuke msanga: Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka mu 1994. Azungu anakonda malowa chifukwa cha madzi otsika m'phiri komanso pothawa kutentha ndi malungo a kuchigwa cha Shire. Mukamayenda m'tauniyi mumaona nyumba zakale za njerwa ndi makonde aakulu, munda wa mitengo ndi maluwa umene unayambidwa m'zaka za m'ma 1890, ndiponso chipilala chachitali chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ana a dziko lino amene anafera nkhondo za eni ake.

Pamwamba pa phiri pali malo awiri oonerapo patali amene anatchulidwa mayina a alendo. Queen's View ndi ya mayi wake wa Mfumukazi Elizabeth; mayiyo anafika mu 1957. Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene anabwera mu 1965, ndipo Marasita amawalemekeza malowa mpaka lero. Onjezani damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, ndi anyamata ogulitsa mabulosi ndi sitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe.

Tsono kodi mumadziwa kuti mbiri ya ku Dedza inalembedwa mzungu asanalote n'komwe za Nyasaland? M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula zofiira, za mizeremizere ndi zozungulira, ndi za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza kuno. Zoyera, zopakidwa ndi dothi, ndi za Achewa enieniwo: zina zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana, zina ndi zilombo za Nyau, ndipo kujambulako kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Mapanga a Chencherere, Mphunzi ndi Namzeze ndiwo amene alendo amafikako kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amafika ndi makala kapena choko n'kulemba mayina awo ndi a zibwenzi zawo pamwamba pa zojambulazo. Inu musatero, chonde.

Kodi mumadziwa kuti episkopi woyamba wachimalawi mu mpingo wa Katolika, Ambuye Cornelius Chitsulo, anali wa dayosizi ya Dedza? Anadzozedwa mu 1957, dziko likadali m'manja mwa atsamunda.

Sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene ophunzira ake akale amangoitchula kuti Box 48, inatsegulidwa mu 1951. Zomba nayo ili ndi chake: Chancellor College inasamukira kumeneko mu 1973.

Za m'mimba ndi za m'chikwama, Dedza siichepa. Kachewere wa ku Bembeke mumagula pa msewu pomwepo, ndipo ku Dedza Pottery, makilomita ochepa kuchokera pa boma, mumaona omwe akuumba makapu ndi mbale musanagule.

Chimodzi chimene matauni awiriwa akufanana, ndipo si chonyaditsa, ndi mapiri ometedwa. Mitengo ya paini imene inkaphimba mapiri onsewa yatha m'malo ambiri chifukwa cha macheka, nkhwangwa ndi moto wolusa. Amene anapitako kalekale akonzekere kudandaula.

Chomaliza, ndipo ndicho chimandigwetsera mbali imodzi. Kodi mumadziwa kuti boma la Dedza limafika mpaka ku nyanja ya Malawi? Mukakhota pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, mumafika pa Golomoti juzi mutavula kale. Chakumpoto pang'ono kuli mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anayamba mu 1902, komwe Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Kuchoka pa Golomoti, msewu wina umakutengerani ku Monkey Bay.

Okonda nyumba zakale ndi mbiri ya boma, pitani ku Zomba, simukadandaula. Koma ngati masiku ndi ochepa ndipo mukufuna phiri, mapanga ndi nyanja pa ulendo umodzi, ine ndikuti Dedza, yomwe ili makilomita pafupifupi 85 okha kuchokera ku Lilongwe. Juzi musaiwale, ngakhale mu Okutobala.