Akalandidwa Laisensi ku Joni, Mphika Umazizira Kumudzi

M'midzi yambiri ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota muli nyumba za malata zimene zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Ena mwa ana athu kumeneko amagwira ntchito m'masitolo, ena m'nyumba za anthu, koma alipo ndithu amene chuma chawo chonse chili pa chiwongolero: oyendetsa malole, operekera katundu m'makomo, onyamula anthu pa Uber ndi Bolt, ndiponso matransipota amene amatibweretsera mafiriji, njinga ndi mabulangete kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Kwa munthu wotere, kakhadi ka laisensi kali ngati bwato ndi chilimira kwa msodzi. Kakachoka m'manja, palibenso cholowera nacho panyanja.

Makolo ambiri akamva za kulandidwa laisensi mtima umakhala m'malo. Amati, "Mwana wanga samwa mowa, ndi wa Swala, zimenezo ndi za zidakwa." Zoonadi mowa ndi haramu, ndipo amene waupewa watseka khomo limodzi lalikulu la tsoka. Koma lamulo la pamsewu la ku South Africa lili ndi makomo anayi otayira laisensi, ndipo atatu mwa iwo safuna ngakhale dontho la mowa.

Lamulolo ndi National Road Traffic Act la mu 1996. Ndime 35 imanena kuti munthu akapezeka wolakwa pa milandu inayi, khoti liimitse laisensi yake. Milanduyo ndi iyi: kuyendetsa utaledzera kapena uli ndi mowa wopyola muyeso m'magazi, kuyendetsa mwachisawawa mosalabadira moyo wa ena, kuthawa pamalo a ngozi pamene munthu wafa kapena wavulala kwambiri, ndi kuthamanga liwiro lopyola malire ndi makilomita ambiri. Laisensi ya dziko lina ikakhala yovomerezeka kumeneko imawerengedwa ngati laisensi pansi pa lamulo lomweli, tsono munthu asanamizidwe kuti poti yake anatengera ku Malawi ndiye kuti khoti la ku Johannesburg lilibe nayo mphamvu.

Tiyeni tiyambe ndi liwiro, pakuti apa ndi pamene pamagwera anthu ofatsa. M'tauni malire ndi makilomita 60 pa ola, kunja kwa tauni ndi 100, ndipo pa misewu ikuluikulu ija amati freeway ndi 120. Kupyola pang'ono ndi nkhani ya chindapusa. Koma ukapyola ndi makilomita oposa 30 m'tauni, kapena oposa 40 kunja kwa tauni ndi pa freeway, nkhani imasanduka ina. Kutanthauza kuti 91 m'tauni yakwana, ndipo pa freeway 161 yakwana. Pamenepo wapolisi salemba kapepala kolipira; dalaivala amamangidwa n'kukaonekera pamaso pa majisitireti.

Wina anganene kuti 161 ndi liwiro la amisala. Ganizirani msewu wa N1 wochoka ku Johannesburg kudutsa Polokwane mpaka ku Musina: wosalala, wotakata, wopanda mbuzi kapena njinga za nkhuni zimene tinazolowera pa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi. Galimoto yamakono ikafika 150 simanjenjemera n'komwe. Munthu akufuna kufika pachipata cha Beitbridge mzere usanatalike, kwatsala masiku atatu kuti Idi ikwane, ndipo foni ikungolira kuchokera kumudzi kufunsa kuti wafika pati. Phazi limalemera lokha. Za m'tauni ndiye zosavuta kuposa apa. Mnyamata woperekera chakudya amalipidwa potengera maulendo amene wayenda, ndipo usiku msewu ukakhala wopanda anthu, 91 imakwana asanazindikire.

Khomo lina ndi lomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa munthu amalowamo ndi mantha osati ndi mwano. Ndime 61 ya lamulo lomweli imati ukachita ngozi uime nthawi yomweyo, uone ngati pali wovulala, ndipo umuthandize m'mene ungathere. Ngozi yotere iyeneranso kukanenedwa ku polisi pasanathe maola 24. Tsono taganizani mnyamata wakwathu amene wagunda munthu m'komboni, anthu ayamba kusonkhana, iye chilankhulo chake chikumveka kuti ndi mlendo, mwinanso masiku a mu pasipoti anatha kale. Tonse tikukumbukira zimene zinachitikira alendo m'dzikolo mu 2008 ndi mu 2015. Mtima umamuuza kuti thawa. Sitingamuseke. Komabe akathawa n'kukabisala, ngozi imene mwina sinali kulakwa kwake imabala mlandu wina umene ndi wakewake, ndipo wovulalayo, amene akanapulumuka atathamangira naye kuchipatala, amatsala pamsewu. Ngati moyo ulidi pachiswe, kolowera ndi ku polisi yapafupi nthawi yomweyo. Amene wathawira ku polisi ali ndi chokauza khoti; amene wathawira kwa mnzake ku Mayfair alibe.

Kuyendetsa mwachisawawa sikufuna kutanthauzira kwambiri: kudutsa roboti yofiira mwadala, kupitirira galimoto ina pamtunda posaona kutsogolo, kuyenda mbali ya eni ake pofuna kuzemba mzere. Za mowa tingotchula muyeso, poti ena ali ndi madalaivala olemba ganyu: malire ndi magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo kwa dalaivala wa ntchito ndi 0.02 basi.

Nanga chilango chake? Kulakwa koyamba, laisensi imaimitsidwa kwa miyezi yosachepera 6. Kachiwiri, zaka zosachepera 5. Kachitatu, zaka zosachepera 10. Onani m'mene chikudumphira. Miyezi 6 banja likhoza kupirira pogulitsa mbuzi ndi kukongola kwa achibale. Koma zaka 5 ndiye kuti mwana amene akulowa Sitandade 4 adzalemba mayeso a Sitandade 8 bambo ake asanagwirenso chiwongolero. Ngakhale amene analibe laisensi n'komwe sapulumuka, pakuti amaletsedwa kutenga laisensi kwa nthawi yofananayo.

Pali china chimene ambiri sachidziwa mpaka chitawagwera. Wonyamula anthu kapena katundu wolemera mwa malonda amafunika chilolezo chapadera pamwamba pa laisensi, chotchedwa PrDP, chonga chija kuno timati PG. Chimatha pakapita zaka 2, ndipo pokachitenganso amayang'ana zala ku polisi. Munthu amene anapezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa ataledzera kapena mwachisawawa m'zaka 5 zapitazo amakanizidwa. Motero khoti likhoza kunena kuti miyezi 6, laisensi n'kubwerera, koma ntchito ya lole kapena ya Uber osabwerera. Dzina limakhalanso m'kaundula wa opalamula, ndipo limatulukira tsiku limene munthu akufuna kalata ya ku polisi yokonzera mapepala ake okhalira m'dzikomo.

Apa ndi pamene mayesero amabwera. Lendi ya chipinda sidikira, kumudzi akufunsa za feteleza, amayi akudwala, ndipo galimoto ili panja ndi mafuta ake. Ambiri amangoyendetsabe mobisa. Kuteroko ndi mlandu wina pawokha, ndipo ngozi ikachitika a inshuwalansi amakana kulipira poti woyendetsayo analibe chilolezo. Ngongole ya galimoto ya bwana kapena ya munthu amene wagundidwa imagwera iye mwini. Kunena mosabisa, ife a kumudzi tili ndi gawo pamenepa. Mwana akachedwa kutumiza mwezi umodzi timayamba kunena kuti wakwatira kumeneko, watiiwala. Manyazi amenewa ndiwo amamubisitsa nkhani ya khoti, ndipo amamubwezera pa chiwongolero nthawi isanakwane.

Lamuloli lili ndi kampata kamodzi koyenera kukadziwa. Khoti likhoza kuchepetsa nthawi kapena kusaimitsa laisensi ngati lakhutira, litamva umboni wolumbira, kuti m'mene mlanduwo unachitikira simukuyenera chilango chotero. Mawu akuti "wolumbira" ndi ofunika. Kungopepesa uli chiimire m'bokosi sikukwana. Munthu ayenera kulumbira n'kufotokoza zimene zinachitika, mwachitsanzo ngati ankathamangira kuchipatala ndi wodwala. Mlendo amene Chingerezi chimamuvuta ali ndi ufulu wopempha womasulira, ndipo wopanda ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid South Africa. Ambiri amavomera mlandu mofulumira kuti angotuluka m'chitokosi, osadziwa kuti akusayinira ntchito yawo.

Palinso njira ina yosadzera ku khoti, ya lamulo lotchedwa AARTO la mu 1998, limene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linalivomereza mu 2023. Pansi pa lamuloli zolakwa zing'onozing'ono zimasonkhanitsa mapointi. Munthu akapyola 15, pointi iliyonse yapamwamba ndi miyezi 3 yosayendetsa, ndipo kuimitsidwa kachitatu kumafafaniziratu laisensi. Tsiku loyambira kuwerenga mapointiwa lasinthidwa kangapo, choncho amene ali kumeneko azifunsa ku ofesi ya za pamsewu ya m'dera lawo m'malo modalira mphekesera za ku renki.

Kuno kwathu nako lamulo la Road Traffic Act la mu 1997 limapatsa makhoti mphamvu yoimitsa kapena kufafaniza laisensi, ndipo kaundula wa madalaivala amasungidwa pa kompyuta ku nthambi ya boma yoona za pamsewu. Dalaivala wa minibasi ya pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, kapena wa lole yonyamula usipa kupita ku Limbe, akapha munthu chifukwa cha liwiro amakumana ndi zonga zomwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ali pakati pa abale, ali ndi munda, ndipo mkazi wake amamva nkhaniyo tsiku lomwelo. Wa ku Joni amakhala yekha m'kachipinda ka lendi, ndipo kumudzi amadzazindikira patapita miyezi itatu ndalama zitasiya kubwera.